Kumanga chinkhoswe mutangobwera ku atachimenti ya kafukufuku

Chaka chilichonse, mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto, ndimalandira funso limodzimodzi kuchokera kwa ophunzira a m'mayunivesite athu amene angomaliza kumene atachimenti ya kafukufuku, ndiye kuti miyezi ingapo yophunzira ntchito ya kafukufuku pansi pa akatswiri, kutali ndi kwawo. Ena amakhala kuti anali kunja, m'malabotale a ku Ulaya kapena ku America, kumene mapulogalamu otere amachitika kuyambira Juni mpaka Ogasiti chifukwa ndiyo nyengo yawo yotentha imene sukulu zimatsekera. Ena anali konkuno, m'malo ochitira kafukufuku monga ku Chitedze, ku Bvumbwe, ku Makoka, ku Chilumba kapena ku Malawi-Liverpool-Wellcome mumzinda wa Blantyre, koma kutali ndithu ndi munthu amene amamukonda. Funso lake ndi lakuti: "Ndabwerako, tsopano ndikufuna kumanga chinkhoswe, ndiyambire pati?" Ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho lake kamodzi, kuti aliyense wofunsa ndizingomulozera pano.

Za nsalu, holo ndi zakudya mudzapeza okulangizani ambiri, ndipo ena adzakulangizani musanawafunse n'komwe. Chimene ambiri amachilumpha n'chakuti munthu amene walawa kafukufuku kawirikawiri amakhala ndi ulendo wina kutsogolo, wa digiri yachiwiri kapena yachitatu, ndipo chinkhoswe chomangidwa ulendowo usanakambidwe pamaso pa ankhoswe chimadzasautsa mabanja awiri. Ndikulemba motsatira mwambo wa Achewa, Amang'anja, Alomwe ndi Ayao, kumene mbumba imayang'aniridwa ndi amalume, ndipo ndizitchula pamene mwambo wa malobola ukusiyana. Malangizowa ndi a mnyamata ndi mtsikana yemwe, chifukwa masiku ano wopita ku atachimenti angakhale aliyense mwa awiriwo.

1. Tsekani kaye ntchito imene munapitira

Atachimenti simatha tsiku limene mwakwera ndege kapena basi yobwerera. Imatha pamene mwapereka lipoti lomaliza, mwasiya zonse zimene munasonkhanitsa m'manja mwa woyang'anira kafukufuku wanu m'dongosolo loti munthu wina angathe kuzitsatira, ndiponso mwalandira kalata yotsimikizira kuti munagwira ntchitoyo. Kalata yokuchitirani umboni ipempheni sabata yomweyo, woyang'anirayo akadakukumbukirani bwino, chifukwa pofika Okutobala amakhala atatanganidwa ndi ophunzira ena. Ngati zotsatira zanu zidzalowa m'pepala losindikizidwa, funsani mwaulemu koma momveka ngati dzina lanu lidzakhalepo komanso gawo limene akuyembekezera kuti mulembe.

Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zokonzekera chinkhoswe zimadya nthawi kuposa mmene mukuganizira, ndipo lipoti limene mwati mudzalimaliza mwambo ukatha nthawi zambiri silimalizidwa. Ngati mukadali ndi chaka chomaliza ku UNIMA, ku LUANAR, ku MUBAS, ku KUHeS, ku MZUNI kapena ku MUST, ikani kalendala ya mayeso patsogolo panu musanatchule tsiku lililonse kwa wachibale aliyense.

2. Dzipatseni mwezi umodzi musanalankhule ndi akuluakulu

Munthu amene wakhala miyezi itatu m'kachipinda ka yekha, akudya zakudya zachilendo, akulankhula ndi wokondedwa wake pa WhatsApp usiku wokhawokha, amabwera ndi mtima wofuna kumanga zonse nthawi imodzi. Chikondicho n'choona, koma chasakanikirana ndi kupukwa, ndipo kupukwa kumatha pakangopita masabata angapo. Onanani kaye m'moyo wa tsiku ndi tsiku, magetsi atazima, ndalama ya alawansi itayamba kuchepa, mmodzi wa inu atatopa ndi ntchito. Wotsala kunyumba nayenso wasintha m'miyezi imeneyi, wanyamula yekha zinthu zimene simunazione, choncho muzimufunsa za iye m'malo momangomusimbira za kumene munali. Munthu woyamba chiganizo chilichonse ndi mawu akuti "kumene ndinali kuja" amatopetsa ngakhale omukonda.

Ngati munthu amene mukufuna kumanga naye banja munakumana naye ku atachimenti komweko, mwezi umodzi ndi wochepa. Munadziwana kumalo kumene nonse munali alendo, opanda abale okuyang'anani, ndipo aliyense ankaoneka mmene wafunira. Fikani kwawo, muone mmene amalankhulira ndi amayi ake, ndipo mufunse mosabisa ngati ali ndi mwana, ngati anamangapo chinkhoswe kale, kapena ngati kumudzi kuli wina amene abale amamudziwa kuti ndiye wake. Akakhala wa dziko lina, mufotokozereni msanga kuti kwathu kuno ukwati umadzera mwa ankhoswe ndipo mbali yake idzafunika oiimira. Abale ake akalephera kubwera, banja lina lolemekezeka la kumpingo kapena kuntchito likhoza kupemphedwa kuima m'malo mwawo, koma makolo ake enieni adziwe ndi kuvomereza, ndipo alankhulane ndi akwanu ngakhale pafoni.

3. Kambiranani awiri za ulendo wotsatira

Khalani pansi masana, pamalo opanda phokoso, ndipo amene anapita ku atachimentiyo anene zoona za zimene akufuna kuchita m'zaka zisanu zikubwerazi. Miyezi imene anthu amakonda kumanga chinkhoswe ndi yomweyonso imene masikolashipu ambiri amalandira makalata ofunsira malo, monga Chevening, Commonwealth, DAAD ndi Beit Trust imene imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Si zachilendo kuti munthu atumize kalata yofunsira malo sabata ino, sabata yamawa n'kukagula nsalu ya chinkhoswe, osauza mnzakeyo poganiza kuti mwina sadzasankhidwa. Yankho likabwera chaka chotsatira, wotsalayo amamva ngati anapusitsidwa, ndipo samalakwa kumva choncho.

Pokambiranapo musadalire mawu akuti "tidzapitira limodzi" musanawerenge malamulo ake. Kuyambira mu Januwale 2024, dziko la Britain sililola ophunzira ambiri a digiri yachiwiri yophunzitsidwa m'kalasi kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Mwayiwo unatsalira makamaka a maphunziro a kafukufuku, monga digiri yachitatu (PhD), ndi amene akulipiriridwa ndi boma. Chevening ndi ya chaka chimodzi ndipo imafuna kuti mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. PhD imatenga zaka zitatu kapena kuposerapo. Choncho funso lenileni ndi lakuti: kodi wotsalayo ali wokonzeka kudikira nthawi yaitali bwanji, akukhala kuti, ndipo akudya chiyani? Ngati wopitayo ndi mtsikana, kambiraninso za nthawi yokhala ndi mwana, chifukwa chinkhoswe chikangotha abale amayamba kufunsa za tsiku la ukwati, ukwati ukatha amayamba kufunsa za mphatso, ndipo amene amafunsidwa kwambiri ndi mkazi.

Nkhani yachiwiri ndi ya kumene banja lidzakhazikike. Pa chikamwini mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi ndipo amayembekezeka kumanga nyumba kumeneko. Pa chitengwa mkazi amatengedwa kukakhala kwa mwamuna, abale ake atavomereza. Kumene kuli malobola, monga pakati pa Atumbuka, Angonde, Asena ndi Angoni a ku Mzimba, mkazi amalowa m'banja la mwamuna ndipo ana amawerengedwa a kuchimuna. Achinyamata ophunzira amakonda kunena kuti izi sizikuwakhudza chifukwa adzakhala m'tauni pa lendi. Zimawakhudza tsiku limene akufuna kumanga nyumba kumudzi, tsiku limene pagwa maliro, ndi tsiku limene mabanja ayamba kukangana za ana.

Zotsalazo n'zodziwika, koma musazilumphe. Gwirizanani za mpingo kapena chipembedzo chimene mudzatsate. Pitani limodzi kukayezetsa magazi, muone zotsatira muli awiri, ndipo ngati pali chokayikitsa chimene chinachitika m'miyezi imene munatalikirana, mukayezetsenso pakatha miyezi itatu. Uzanani ngongole zimene muli nazo, kuphatikizapo ya sukulu ya ku Loans Board, ndi abale amene aliyense akuwalipirira fizi.

4. Za mphete

Kugwada ndi mphete si mwambo wa makolo athu, koma kunalowa ndipo palibe choipa ngati nonse mukukukonda. Makolo anali ndi chikole, kamphatso kamene mnyamata ankapereka kwa mtsikana posonyeza kuti mawu ake ndi oona, ndipo mphete yangotenga malo omwewo. Ngati munaigula kunja, sungani lisiti lake, ndipo musawononge theka la alawansi pa chinthu chimene sichidzaphika nsima ya alendo.

Cholakwika chachikulu pano ndi kuika zithunzi za mphete pa Facebook kapena pa WhatsApp amalume asanamve. Mkulu amene wamva za mphwake kuchokera kwa mwana wa m'nyumba yoyandikana, amene wamuonetsa chithunzi pafoni, amayamba ntchito yaunkhoswe ali wokhumudwa kale, ndipo ena amakana n'kukana, amvekere, "Pitani kwa amene munayamba kuwauzawo." Zithunzizo zisungeni, sizithawa.

5. Kuuza amalume ndi kupeza ankhoswe

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Nkhoswe si munthu wodzangolandira nkhuku pa tsiku la mwambo. Ndi mboni ya ukwati wanu kwa moyo wonse: mukayambana ndiye amakhala pakati, mmodzi akadwala kwambiri ndiye amakauza mbali inayo, pakagwa maliro uthenga umadzera mwa iye, ndipo ukwati ukafika kukhoti amafunsidwa zimene anaona ndi kumva. Bambo ndi mayi okuberekani sakhala ankhoswe anu. Kwa a mbumba, udindowu ndi wa amalume, amene ena amawatcha atsibweni, ndiye kuti mlongo wake wa amayi anu, kapena munthu amene iwo amusankha. Kwa a malobola nkhani imadzera mwa abambo aakulu, abambo aang'ono kapena azakhali. Kawirikawiri mbali iliyonse imakhala ndi nkhoswe wamkulu, amene mawu ake ndi omaliza, ndi nkhoswe wamng'ono, amene amayenda maulendo ndi kumva nkhani za tsiku ndi tsiku.

Yambani mwatsina khutu amayi anu, chifukwa iwo ndiwo akudziwa kuti mwini mbumba weniweni ndi ndani, ndi mlongo wawo uti amene salankhulana ndi mnzake, komanso amene angakwiye akalumphidwa. Kenako pitani nokha kwa amalumewo. Musatumize uthenga wapafoni, ngakhale akhale ku Mchinji inu muli ku Zomba. Foni igwire ntchito yopempha tsiku lokha. Nyamulani kanthu m'manja, shuga, sopo kapena chitenje cha akazi awo, khalani pansi, mulonjerane, mudye, ndipo nkhaniyo muitule pambuyo. Mnyamata anganene kuti, "Amalume, ndabwera kudzakudziwitsani kuti ndakula, ndipo ndaona mbeta kwakutikwakuti, ndati musamve kwa ena." Mtsikana anganene kuti, "Amalume, pali munthu amene wandifunsira ndipo akufuna adzaonekere; ndati ndiyambe ndamva kwa inu."

Ophunzira ambiri amafuna kusankha okha nkhoswe, ndipo amathamangira kwa wachibale wa galimoto amene amakhala ku Area 47 kapena ku Namiwawa, poganiza kuti ndiye adzawamvetse ndiponso adzaoneka bwino pazithunzi. Ena amafika pogwira mnzawo wa kuntchito kuti adzaime ngati malume. Zimenezi zimaoneka zopepuka lero, koma tsiku la mavuto munthu wobwerekedwayo sapezeka, ndipo abale enieni amati ukwatiwo sakuudziwa. Mukhoza kupempha kuti nkhoswe wamng'ono akhale munthu wopezeka msanga, wosunga chinsinsi, wodziwa pang'ono za sukulu, koma pempholo lidzere mwa mwini mbumba, iyeyo ndiye atchule dzina.

Tsopano mvetserani gawo limene ambiri amaliopa. Amalume anu anamva kuti munapita kunja kapena kuti mukugwira ntchito ndi azungu, ndipo m'maganizo mwawo ndinu munthu wolemera amene wayamba kale ntchito. Afotokozereni m'Chichewa chomveka kuti atachimenti ndi sukulu, kuti ndalama imene munkalandira inali yodyera ndi yogonera ndipo yatha kapena ili pafupi kutha, ndiponso kuti simunalembedwe ntchito. Mukachita manyazi pamenepa, iwo adzakalonjeza kuchikazi zinthu zimene simungakwanitse, kapena, kumbali ya malobola, nkhani ya ng'ombe idzakambidwa ngati ya munthu wolandira madola mwezi ndi mwezi. Afotokozereninso kafukufuku wanuyo m'mawu a kumudzi, kaya ndi wa mbewu yopirira chilala, wa udzudzu kapena wa nsomba za m'nyanja, kuti akafunsidwa kuti mphwawo amachita chiyani akhale ndi choyankha.

Mukatero, apempheni chinthu chimodzi mwachindunji: kuti nkhani ya maphunziro anu akaitule okha pamaso pa ankhoswe a mbali inayo, chinkhoswe chisanachitike. Akanene kuti, "Mwana wathuyu sukulu sanamalize, ndipo mwayi ukapezeka adzachokanso, mwina chaka, mwina zaka zitatu, kodi inu mukuti bwanji?" Chifukwa chake n'chakuti mlandu wa m'banja umaweruzidwa potengera zimene ankhoswe anamva pachiyambi. Zimene munalonjezana awiri pansi pa mtengo wa mango, ankhoswe sazidziwa, ndipo tsiku limene apongozi adzadandaule kuti mwana wawo wasiyidwa yekha, kapena kuti mkazi wamtundu wanji wosiya mwamuna n'kupita kusukulu, sipadzakhala wokuikirani kumbuyo. Koma ngati akuluakulu anayi anakhala pamphasa n'kuvomerezana, wodandaulayo amakumbutsidwa mawu a nkhoswe wake yemwe. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, komatu moto wake ayenera kuudziwa kumene ungachokere.

Kwa mtsikana wofuna kupitiriza maphunziro, gawo limeneli ndi lofunika koposa, ndipo ndimalangiza kuti asavomere tsiku la chinkhoswe mpaka atamva kuti lakambidwa. Mnyamata akhoza kulonjeza ndi mtima wonse kuti sadzamuletsa sukulu, koma mnyamatayo ali ndi amayi, alongo ndi azakhali amene sanalonjeze kanthu.

Mfundo zoti ankhoswe agwirizane ndi izi: ngati ukwati udzachitike wopitayo asananyamuke kapena atabwerako, kumene wotsalayo adzakhale, kwa makolo ake, kwa apongozi kapena payekha, amene adzasamale za lendi ndi chakudya, ndiponso amene adzauzidwe choyamba pakagwa matenda. Si mwano kupempha kuti nkhoswe wamng'ono wa mbali iliyonse alembe mfundozi m'kope ndi kuika tsiku. Akuluakulu ena sadzakondwa nalo pempholi, ndipo adzanena kuti mawu awo ndi okwanira. Ayankheni mofatsa kuti kopelo ndi lothandiza inu anawo kuti musadzaiwale.

6. Kuonekera ndi kukumana kwa mbali ziwiri

Mtsikana amauza mnyamata kumene amalume ake amakhala, ndipo akuchimuna ndiwo amayenda ulendo wokafunsira mbeta. Ena amalankhula mophiphiritsa kuti tambala wawo waona msoti pakhomopo, ena amangonena mwachimvekere. Akuchikazi kawirikawiri sayankha tsiku lomwelo. Amati akafunse kaye mwana wawo ndi abale ena, ndipo m'masiku amenewo amafufuza mbiri ya banja lanu. Musakwiye ndi kudikiraku, ndipo musawaumirize ndi mawu akuti tchuti chanu chikutha kapena kuti mukuyembekezera viza.

Pa tsiku loonekera valani modzilemekeza, fikani pa nthawi yake, khalani pamene akulozerani, ndipo muyankhe zimene mwafunsidwa zokha. Chingerezi chisiyeni pakhomo. Munthu wophunzira amene akukonza mawu a amalume ake pamaso pa alendo, kapena kuyankha funso limene lafunsidwa kwa nkhoswe, amachititsa manyazi mbali yake yonse. Ngati mwaona kuti mfundo ina yaiwalika, pemphani kutuluka panja ndi nkhoswe wamng'ono mumunong'oneze.

7. Dziwani kulemera kwa chinkhoswe musanachimange

Achinyamata a m'tauni amachiona ngati chikondwerero cholengeza kuti awiriwa adzakwatirana mtsogolo. Kumudzi sachiona choncho. Pa mwambo wa mbumba, ankhoswe akakumana n'kupatsana nkhuku, ukwati wamangidwa, ndipo makhoti a m'dziko muno akhala akuona kupezeka kwa ankhoswe ngati umboni waukulu wakuti ukwati wachikhalidwe ulipo. Lamulo la maukwati la mu 2015 limavomereza ukwati wa kuboma, wachikhalidwe, wachipembedzo, komanso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali n'kumadziwika ngati banja. Limanenanso kuti wolowa m'banja akhale wa zaka 18 kapena kuposerapo, ndipo malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti agwirizane ndi msinkhu umenewu. Kumbali ina, mipingo yambiri imaona chinkhoswe ngati chiyambi chabe ndipo silola kuti awiriwo alowane ukwati usanadalitsidwe.

Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti mukhoza kutuluka pamwambo umodzi anthu atamva zinthu zitatu zosiyana: agogo akuti mwakwatirana, abusa akuti simunakwatirane, inu mukuti mudzaona mukabwerako ku maphunziro. Pemphani ankhoswe anene poyera pamwambopo chimene chikumangidwa, ndipo kaonaneni ndi abusa, ansembe kapena shehe wanu tsiku lisanatchulidwe. Dziwaninso kuti kuthetsa chinkhoswe si kubweza mphete kokha. Nkhaniyo imabwerera kwa ankhoswe omwe aja, ndipo iwo ndiwo amaimasula.

8. Tsiku ndi ndalama

Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi yabwino chifukwa anthu akolola, misewu ya kumudzi ndi youma, ndipo chimanga cha thobwa chilipo. Vuto lake n'lakuti aliyense amafuna miyezi yomweyo, kotero maholo ndi otsogolera mwambo amakhala atagwidwa kale, ndipo kwa inu amene mwabwera kumapeto kwa Ogasiti nthawi yochita bwinobwino zimene ndafotokoza pamwambazi ndi yochepa. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala abale amakhala kumunda, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala ndi fizi. Maganizo anga ndi akuti, ngati palibe chokuthamangitsani, kuonekera kuchitike chaka chino, chinkhoswe chidzachitike anthu akakolola chaka chamawa, pamene mudzakhale mutadziwanso yankho la sikolashipu. Posankha Loweruka lake funsani akuluakulu za miyambo imene amapitako, monga Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia kumapeto kwa Ogasiti, kapena Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde ku Mulanje mu Okutobala, ndipo mupewe nyengo ya Lenti kapena ya Ramadan ngati mabanja anu amazisunga.

Pa ndalama, lembani kaye zimene muli nazo m'manja, kenako mukonze mwambo wolingana nazo. Musawerengere perekaniperekani ngati ndalama yobwezera ngongole, chifukwa palibe amene amadziwa kuti idzakwana zingati. Ngati munabwera ndi ndalama zakunja, sinthani kubanki kapena kumalo ovomerezeka, pang'onopang'ono monga mmene zikufunikira. Kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, ndipo amene anali atasunga ndalama ya mwambo m'makwacha anaona mitengo ikuwathawa. Choncho zinthu zosaonongeka, monga nsalu ndi ziwiya, muzigula msanga. Patulani ndalama yolipirira mayeso a Chingerezi, pasipoti ndi makalata ofunsira malo, ndipo imeneyo isakhudzidwe ngakhale komiti italira motani. Chinkhoswe cha pakhomo, cha mabanja awiri ndi anansi ochepa, n'chokwanira pa mwambo mofanana ndi cha muholo. Zopereka za abale zizilandiridwa pa nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba, yosungidwa ndi msungichuma amene si inu kapena bwenzi lanulo.

9. Tsiku la mwambo

Pofika tsikuli ntchito yanu yatha, yatsala ya ankhoswe ndi wotsogolera mwambo. Akuchikazi amabweretsa atsikana ofunditsidwa zitenje kuti akuchimuna azindikire wawo, ndipo kuvundukula kulikonse kumafuna kandalama, choncho konzeranitu ndalama zing'onozing'ono zambiri. Ankhoswe amapatsana nkhuku, tambala kuchokera kuchimuna ndi msoti kuchokera kuchikazi. Mnyamata amapatsidwa zida monga khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, mtsikana amapatsidwa lichero, mthiko, chipande, mtondo ndi munsi, ndipo chilichonse chimabwera ndi malangizo ake. Zilandireni ndi manja awiri ngakhale mukudziwa kuti moyo wanu udzathera mulabotale.

Uzanitu wotsogolera mwambo kuti asakutcheni dokotala kapena pulofesa pamene muli ndi digiri imodzi kapena simunamalize n'komwe, ndiponso asalengeze kuti mukupita kunja kalata isanabwere. Mawu onenedwa pa chimkuzamawu pamaso pa anthu mazana savuta kutuluka, koma amene adzafunsidwe za iwo chaka chonse ndinu. Onetsetsaninso kuti nthawi ya ankhoswe isafupikitsidwe pofuna kuchulukitsa magule ndi perekaniperekani, chifukwa mphindi zimenezo ndizo chinkhoswe chenichenicho.

10. Kalata yokuitanani ku maphunziro ikabwera

Woyamba kumva akhale bwenzi lanu, wachiwiri nkhoswe wanu, ndipo nkhosweyo ndiye akauze mnzake wa mbali inayo. Apongozi asamve kwa anthu a kumpingo. Kenako ankhoswe akumanenso, atsegule kope lija, aone ngati zimene anagwirizana zikugwirabe ntchito tsopano pamene dziko, mwezi wonyamukira ndi kutalika kwa maphunziro zadziwika.

Ngati mwagwirizana kuti mnzanuyo adzakutsatireni, zithunzi za chinkhoswe sizikwanira ku ofesi ya kazembe. Njira yosavuta kutsimikizira ndi satifiketi ya ukwati wolembetsedwa, ndipo kulembetsako, kaya kwa DC, ku ofesi ya Registrar General kapena kudzera kumpingo, kumafuna kuti chidziwitso cha ukwati chiyambe chalengezedwa kwa masabata atatu. Werengerani masabata amenewo chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku lofunsira viza, muonjezepo nthawi ya maphunziro a banja amene mpingo wanu umafuna, ndipo muonetsetse kuti mayina a pa satifiketi alembedwa chimodzimodzi ndi a pa pasipoti ndi pa chitupa cha unzika, chilembo ndi chilembo. Ngati mwagwirizana kuti ukwati udikire mpaka mutabwerako, ankhoswe atchule chaka ndi mwezi wake, ndipo musananyamuke mukatsanzike nokha kwa nkhoswe wamkulu wa mbali iliyonse, muwasiyire nambala imene mudzapezekepo ndi dzina la sukulu imene mukupita.